Mabotolo a Pansi pa Nyanja ndi Khutu la Ababa

4 Febuluwale

Okondedwa malume,

Ndikhulupirira kuti bondo lija lasiya kukuvutani, ndiponso kuti njinga yanu yakale ya ku positi idakali ndi mpweya. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwake kumaluma makutu.

Mwandifunsa kachinayi tsopano kuti ntchito yanga ndi yotani, ndipo ndamva kuti mukumauza anthu kuti ndimaweta nsomba. Malume, sindiweta nsomba. Tamvani bwinobwino, kenako ndikuuzani chimene ndalembera kalatayi.

Pansi pa nyanja yamchere kuno tinamizako tizida makumi anayi, tooneka ngati fulasiki ija munkatengera tiyi kuntchito. Ife timangoti mabotolo. Lililonse limamva kutentha kwa madzi ndi kugwedezeka kwa nthaka, ndipo zimene lamva ziyenera kufika ku ofesi kwathu. Vuto ndi loti wailesi sigwira m'madzi. Choncho mabotolo amalankhulana ndi kamluzu kakang'ono. Botolo la pansi penipeni likati likuwe kuti limveke pamwamba, batire lake limatha sabata isanathe. Ndiye silikuwa. Limanong'oneza linzake limene lili chapamwamba pang'ono, ilo n'kunong'oneza lapamwamba pake, mpaka uthenga ufike pa chigubu choyandama chimene chimautumiza kumtunda. Ntchito yanga ndi kusankha kuti uthenga udutse mwa ndani kuti ufike msanga, wathunthu, popanda kupha batire la wina. Iliponso njira yoti aliyense auze aliyense, koma imeneyo ndi ya anthu osowa chochita. Inu amene munapereka makalata zaka makumi atatu ndi zitatu mumvetsa kuposa abwana anga.

Tsopano nkhani ija. Ndikukwatiwa, malume. Munthu wake ndi amene amalowa pansi pa nyanja kukasintha mabatire a mabotolowo. Chithunzi chake ndaikamo. Musaseke mapaziwo, ndi nsapato za ntchito. Atipatsa tchuthi cha masabata awiri okha. Tifika kumeneko pa 20 Juni, ukwati pa 27.

Ababa sakudziwa. Mukumbukira za achemwali, chaka chitangotha amayi atatisiya. Nkhani ya ukwati wawo ababa anakaimvera kwa wometa tsitsi. Tsiku lake anabwera ndi bokosi lawo lokonzera mawailesi n'kukhala tsiku lonse kuseri kwa zokuzira mawu, akuti zikulira molakwika. Pa zithunzi zonse akuoneka msana wokha. Ine ndikufuna nkhope yawo, malume.

Ndayesa kuwalembera koma dzanja likukana. Chibadwire sindinawauzepo kanthu pamaso. Zonse tinkauza amayi, iwo n'kudikira ababa amwe kaye tiyi. Foni nayo anaitsekera m'dirowa. Inu ndinu mlongo wa amayi, ndipezereni njira yoti uthengawu uwafikire mwaulemu, usanawapeze wa mumsewu.

Ndine,
Mzime wa m'nyumba muja

19 Febuluwale

Wokondedwa mphwanga,

Moni wochokera kwa ine, kwa bondo, ndi kwa njinga. Tonse atatu tikuyenda, ngakhale mokuwa.

Kalata yako yafika itayenda masiku khumi ndi atatu. M'nthawi yathu ikanayenda khumi ndi awiri, koma achinyamata a masiku ano amadinda sitampa ngati akusisita mphaka.

Chithunzi cha Achule ndachiona. Usakwiye, dzinalo lamata kale. Nkhope sindinaione chifukwa ili m'galasi, koma munthu wopirira kuzizira kotero m'banja akhalitsa.

Za mabotolo ndamvetsa zonse. Mphwanga, anthu amenewo anakuphunzitsa positi yonyowa basi! Ndatenga kalendala ya chaka chatha, kuseri kwake ndajambula abale ndi anansi onse, aliyense ndi kabotolo kake. Pamwamba penipeni ndajambula chigubu chovala magalasi, amenewo ndiwo alamu anga, abambo ako.

Ungafunse kuti bwanji osangopita ndekha. Ine ndi botolo la pansi, ndikakuwa batire litha. Komanso alamu akamamvera munthu amakhala atagwira chitsulo chamoto chija chowotcherera mawaya, ndipo sachiika pansi. Ndiye ndatsata lamulo lako: aliyense anong'oneze wa pamwamba pake. Pamtunda pano, wa pamwamba ndi wamkulu pa zaka. Ine ndili ndi zaka 64. Ndakanong'oneza aphunzitsi opuma aja amene amasewera makadi ndi abambo ako Loweruka lililonse. Ndawalamula momveka kuti auze munthu mmodzi yekha, wamkulu kuposa iwo, naye achite chimodzimodzi. Iwo analemba lamulolo m'kabuku n'kulidula mzere kunsi. Pofika Lamlungu uthenga ukhala utayandama.

Mawa ndikasiya wailesi yanga kwa alamu. Yayamba kuzimazima, mabatire akugwedera mkati ngakhale ndawatsina ndi kapepala. Podutsa ndikaonenso mmene nkhope yawo ilili, kuti tidziwe nyengo.

Ukamabwera undigulireko chipewa cha oyendetsa sitima, choyera, chokhala ndi nangula kutsogolo. Woyang'anira mauthenga ayenera kuoneka.

Ndine malume ako,
Wa Positi

12 Malichi

Iwe mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero. Ana ali bwino, alamu ako ali bwino, saluni ikuyenda. Ine ndekha ndiye sindili bwino.

Ukukwatiwa, ndipo ine mkulu wako ndikumvera kwa azakhali? Anabwera Lachiwiri kuti ndiwakonze tsitsi loti ligwirizane ndi chipewa chatsopano cha nthenga. Ine ndinati, azakhali, chipewa cha chiyani pakati pa sabata? Iwo anangotseka pakamwa ndi zala ziwiri, maso akuvina. Ndinawaika m'choumitsira tsitsi n'kukweza moto. Asanathe mphindi zisanu anaulula zonse.

Imva tsono zimene achita malume ako ndi mabotolo awo. Anauza aphunzitsi kuti apereke uthenga kwa wamkulu kuposa iwo. Aphunzitsi ali ndi zaka 73, ababa ali ndi 70. Akhala akusewera makadi ndi ababa Loweruka katatu, uthenga uli m'thumba la malaya, koma akuti sangaupereke pansi chifukwa lamulo ndi lamulo. Anafufuza dera lonse wamkulu kuposa iwo n'kupeza mmodzi yekha: azakhali, zaka 81.

Pamwamba pa azakhali palibe munthu, kupatula Mulungu. Ndipo ukudziwa kuti iwo ndi mlongo wawo, ababa, salankhulana chaka chakhumi ndi chimodzi chino, kuyambira tsiku lija ababa ananena pagulu kuti kuimba kwa azakhali kuli ngati wailesi imene yaphonya siteshoni. Ndinawapempha kuti, azakhali, kagogodeni, nkhani ndi ya mwana. Anandiyankha kuti, "Ine mawu anga ndi ophonya siteshoni, angamve bwanji? Abwere yekha adzafunse." Akaufunse bwanji uthenga umene sakudziwa kuti ulipo?

Ndiye nkhani yako azakhali aikhalira ngati nkhuku pa mazira, masabata atatu tsopano. Agula chipewa, agula nsapato, ndipo madzulo aliwonse akuyeserera nyimbo zisanu ndi ziwiri. Galu wa aneba awo wasamuka yekha.

Ndakwiya nawe, koma ndakondwa. Ndinalira pang'ono kuseri kwa magalasi. Munthuyo amaseka? Amadya bwino? Ndiuze zimenezo, osati za mabatire.

Mkulu wako

30 Malichi

Malume,

Moni kwa inu ndi bondo. Ndikulemba ndili pa sitima, pepani ndi zilembo zovina. Takhala panyanja masabata atatu, ndipo makalata anu ndi a achemwali andipeza limodzi, atabwera ndi boti la zakudya. Ino ibwerera ndi boti lomwelo, koma likuti lidutsa kaye kwina, sindikudziwa kuti ikufikani liti.

Zimene zachitika kwa azakhali ife timazitcha dzenje. Uthenga umakwera mpaka kufika pa botolo lopanda mnzake pamwamba, n'kufera pomwepo. Mankhwala ake ndi osavuta: mumaubweza pansi pang'ono, n'kuulambalalitsa. Auzeni aphunzitsi kuti lamulo lasintha, auze ababa Loweruka lino, makamaka ababa akapambana masewero.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha, malume, ndagwira mwendo. Musayese njira ija yoti aliyense auze aliyense. Tinaiyesa kamodzi kuno. Mabotolo onse makumi anayi anaimba mluzu nthawi imodzi, mawu anawombana m'madzi, ndipo ku ofesi kunafika uthenga woti pansi pa nyanja pakuwira ngati ketulo. Abwana anatsala pang'ono kuitana atolankhani.

Amene mukuwatcha Achule akupereka moni. Dzinalo alilandira, akuti bola silinali Ang'ona.

Mzime

6 Epulo

Mphwanga,

Moni. Chete wako ndamumva. Masabata asanu ndi limodzi opanda yankho, ku positi timati mwini katundu wasiya zonse m'manja mwathu.

Zoti uthenga unakatsakamira kwa azakhali ndavomera, mapu anga anali ndi chilema. Ndinafuna kuwerenganso kalata yako yoyamba ija kuti ndione njira zina, koma ndaisaka nyumba yonse osaipeza. Ndagwedeza Baibulo, ndatembenuza matiresi, ndakayikira mbewa. Mwamwayi mutu wa munthu wa positi ndi kabati. Ndikukumbukira bwino lomwe kuti unalemba kuti, "Iliponso njira yoti aliyense auze aliyense." Panali mawu ena kutsogolo kwake, koma ndikhulupirira anali oiyamikira.

Choncho Lolemba ndinakwera njinga. Ndinauza wometa, wogulitsa buledi, telala, mayi wa pa famase, ndi anthu onse amene anali pa mzere wodikira basi. Aliyense ndinamulamula kuti auze anthu awiri, molunjika ku shopu ya alamu. Ndinawerengera kuti pofika Lachitatu uthenga ukhala utalowa pakhomo, pawindo ndi padenga.

Mphwanga, liwiro lake ndiye losaneneka. Lachiwiri masana uthenga unandipeza ine ndemwe katatu. Kungoti pobwerera unali utasintha zovala. Wa buledi anandiuza kuti ukukwatiwa ndi munthu wokhala m'botolo. Mayi wa pa famase akuti mkamwini ali ndi mapazi a bakha chibadwire, koma ndi wamtima wabwino. Kondakitala wina, amene sakukudziwa n'komwe, anandigwira phewa n'kundipepesa kuti unamira, koma akuti ukwati uchitikabe. Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine ndatuma akandimverere mazana awiri.

Chodabwitsa n'chakuti uthenga ukafika pa khomo la shopu umauma. Aliyense akuganiza kuti mnzake wanena kale, ndiye akungopita kukaona nkhope. Popeza munthu sangalowe chimanjamanja, akumatenga wailesi. Anthu akufukula mawailesi amene anafa iwe usanabadwe. Pa shelefu padzaza, ena ali pansi, ena pampando uja ankakhala amayi ako. Alamu akulandira, akulemba nambala, akuti, "Mubwere Lachisanu," basi.

Yanga anandibwezera kalekale, ikulira bwino kuposa yatsopano. Anaika kasipuling'i pa mabatire. Pondipatsa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, mpaka bondo linayamba kundipweteka. Koma sakudziwa kanthu, ine nkhope ndimaziwerenga ngati maadiresi.

Chipewa chija ndi saizi yaikulu, usaiwale.

Malume ako

24 Epulo

Mzime,

Moni, ngati udakali ndi moyo. Kuno theka la msewu likuti unamira, theka lina likufunsa mtundu wa diresi.

Kalata yako yoletsa malume yafika dzana, patatha masabata atatu chigumula chitachitika. Anaiwerenga ataimirira pakhomo pa saluni, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Ikanafika nthawi yake m'masiku athu." Kenako anajambula mapu atsopano. Pa mapu amenewa mizere yonse ikuthera pa ine, chifukwa ndimakhala khoma limodzi ndi ababa ndipo ndine ndimawapititsira chakudya.

Madzi afika m'khosi, mng'ono wanga. Aliyense akudutsira pa ine. Aphunzitsi akuti ndiuze ababa kuti iwo sanabise mwadala. Azakhali akuti ndiuze ababa kuti sakuwauza kanthu. Wometa akuti ndiwauze kuti ulendo uno si iye. Malume amabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati uthenga wadutsa, ngati kuti ndinameza ndalama yachitsulo. Dzulo ndinaiwala mankhwala m'mutu mwa kasitomala ndikuyankha mafunso a mapazi a bakha. Anabwera ndi tsitsi lofika m'mapewa, anapita atavala duku langa.

Ndayesa katatu. Ndimalowa ndi mbale, ndimaika pa tebulo pakati pa mawaya, ndimati, "Ababa." Iwo amatsitsa mawu a wailesi, amayika chitsulo chamoto pansi, inde amachiyika pansi, n'kuti, "Ndikumva." Ulendo woyamba ndinati mchere ulipo? Wachiwiri ndinati kunja kukutentha. Wachitatu ndinangoti, "Palibe," n'kutuluka. Anakweza wailesi pang'onopang'ono ndili pakhomo, ndipo ndinamva chisoni osadziwa kuti ndikumvera ndani.

Ine si amayi. Iwo ankadziwa polowera. Ankayamba ndi nkhani ya batani la malaya n'kukathera pa nkhani ya sukulu, ababa osazindikira kuti avomera liti. Ine ndimangodziwa kuluka tsitsi.

Popeza masiku akutha, ndachita chinthu chimodzi chopusa. Ndatuma telala kuti akawayeze suti, ndinamuuza aname kuti akuyesa tepi yatsopano. Akuti ababa anaimirira, anatambasula manja, anatembenuka pamene anauzidwa kutembenuka. Atamaliza anangoti, "Ikhale yotuwa. Yakuda ndinavala kale." Telala anatuluka chothamanga n'kuiwala tepi yomweyo.

Kaya akudziwa, kaya sakudziwa, ine mutu waima. Ndikuopa kuti pa 27 Juni tidzaonanso msana.

Mkulu wako wotopa

11 Meyi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Ndili bwino. Maso akuchepa mphamvu koma makutu ali onse awiri.

Adiresi yako ndaitenga pamwamba pa kalata imene unalembera malume ako pa 4 Febuluwale. Kalatayo ili ndi ine. Inabwera m'shopu muno pa 20 Febuluwale, itapindidwa kasanu ndi katatu, itatsina mabatire m'wailesi ya malume akowo. Munthu anagwira ntchito ya makalata zaka makumi atatu ndi zitatu, ndipo kalata imodzi yokha imene anaifikitsa tsiku lotsatira ndi imene sankadziwa kuti wanyamula.

Ndinaiwerenga. Si ulemu, koma pepala lopezeka m'wailesi limawerengedwa, mwina ndi malangizo a fakitale.

Kuyambira tsiku limenelo ndaona zambiri. Aphunzitsi akhala akugonja dala pa makadi, thumba la malaya atalitseka ndi chikhatho. Ndakonza mawailesi makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi, ndipo khumi ndi awiri mwa iwo analibe vuto lililonse. Mayi wina anabweretsa ayironi, akuti sikugwira siteshoni. Mkulu wako wandifunsa za mchere ngati kuti ndimaugulitsa. Ndayezedwa suti ndi telala wonjenjemera, sindikudziwa ngati miyendo idzafanane. Madzulo ndikatsegula windo ndimamva azakhali ako akuyeserera, misewu iwiri kuchokera pano. Sanapezebe siteshoni.

Za ntchito yako ndamvetsa, ndipo ndi ntchito yabwino. Kalatayo ndinaiwerenga kanayi. Koma pali chinthu chimene sunalembe, chimene wokonza mawailesi aliyense angachione. Ngati mabotolo onse akunong'onezana kupita pamwamba, ndiye kuti lilipo limodzi, lapafupi ndi chigubu, limene limanyamula mawu a onse. Limenelo ndi limene limayamba kutha batire. Ndikunama?

M'nyumba muno botolo limenelo anali amayi ako. Inu munkadutsira pa iwo kubwera kwa ine, koma nanenso ndinkadutsira pa iwo kupita kwa inu. Nsapato zako zoyamba za sukulu ndinasankha ndine, iwo anangokupatsa. Utapambana mayeso aja ndinatseka shopu n'kuzungulira msewu kawiri, iwe unangomva kuti ababa akuti wachita bwino. Ndinkaona ngati ndi dongosolo labwino. Sindinafunse kuti iwo zikuwalemera bwanji. Atazima, tonse tinangokhala pansi pa madzi, aliyense ndi kamluzu kake. Tsopano mwayamba kumuthera batire mkulu wako. Musiyeni mwana uja, wawotcha kale mutu wa munthu.

Pa ukwati wa mkulu wakoyo ndinalakwa. Ndinakwiya kuti ndamvera kwa wometa, osadzifunsa kuti chifukwa chiyani mwana wanga anaopa khomo langa. Zokuzira mawu zija zinalibe vuto.

Tsono imva. Mabotolo ako amanong'onezana chifukwa ali m'madzi ndipo pamwamba ndi patali. Ine sindili m'madzi. Ndimakhala pa mpando womwe uja, pafupi ndi khomo, ndipo wa positi amadutsa pamaso panga Lachiwiri ndi Lachisanu kukapereka makalata ako kwa anthu ena. Ndimadziwa kalembedwe kako ndili patali.

Nkhani yako ndaimva ngati mmene munthu amamvera wailesi ya aneba kudzera pakhoma. Nyimbo umaidziwa, koma si yako. Choncho mpaka lero ine sindikudziwa kanthu. Suti ija ndi ya tsiku lililonse limene lingabwere. Ngati uli ndi mawu oti undiuze, nambala ya nyumba sinasinthe, unaipenta wekha uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo 5 wake anayang'ana kumbuyo mpaka pano.

Ukandilembera, undiuzenso ngati munthuyo amadziwa kuwotcherera waya. Mapazi alibe ntchito.

Bambo ako

25 Meyi

Ababa,

Moni. Ndili bwino. Ili ndi pepala lachisanu, anayi ndang'amba.

Simukunama. Botolo lapafupi ndi chigubu ndi nambala 7, ndipo talisintha batire kasanu pamene ena sanasinthidwepo. Chaka chonse chino ntchito yanga yakhala yofuna njira yolipumulitsira. Sindinaganizepo za amayi mpaka nditawerenga kalata yanu, ndipo ndinakalirira m'chipinda cha mainjini kuti anthu asamve.

Ababa, ndikukwatiwa. Ndikukuuzani ine mwana wanu, inuyo, popanda wodutsirapo. Ndi munthu wofatsa, amaseka mochedwa ngati inu. Waya amawotcherera, koma moipa. Ndikupempha mudzamuphunzitse. Tifika pa 20 Juni, ukwati pa 27. Ndikufuna mudzakhale kutsogolo, mutayang'ana kumene kuli anthu. Bokosi la zida lidzatsale kunyumba.

Nsapato zija zinali zofiirira, za lamba. Ndinkagona nazo. Zikomo.

Mwana wanu,
Mzime

8 Juni

Mng'ono wanga,

Moni wa munthu amene wagona tulo tabwino koyamba chiyambire Malichi. Mwina kalatayi mudzaphonyana nayo m'njira, koma sindingathe kudikira.

Yako inafika Lachisanu. Wa positi, mwachizolowezi, anaona kalembedwe kako n'kulunjika kwa malume, amene anali pakhomo pa saluni ndi mapu awo. Ababa anatuluka m'shopu, chitsulo chamoto chili m'manja, n'kuti, "Mnyamata, werenga adiresi." Malume anabweza dzanja ngati agwira mbaula.

Anaiwerengera pakhomo pomwepo, ataimirira. Anavula magalasi, anawapukuta, anawerenganso. Kenako analowa, anazimitsa mawailesi onse, ndipo msewu unakhala chete mpaka tinamva firiji ya wa buledi. Patapita kanthawi anatuluka atavala suti yotuwa. Mwendo wakumanzere ndi waufupi ndi zala ziwiri, koma palibe amene analimba mtima kuyang'ana pansi.

Anayambira kwa ine. Analowa mu saluni, malo amene sanapondemo chitsegulire, anaima pakati pa azimayi anayi okhala ndi mapepala onyezimira m'mutu, n'kuti, "Mwana wanga, mng'ono wako akukwatiwa. Wandilembera." Ine ndinati, "Zoona, ababa?" Iwo anati, "Zoona. Ndipo mchere ulipo wokwanira, usamavutike."

Kenako anayenda msewu wonse, khomo ndi khomo, kuuza anthu nkhani imene akhala akuitafuna miyezi iwiri. Ukanaona zisudzo zake! Wometa anagwetsa lumo dala. Mayi wa pa famase anagwira pachifuwa n'kupempha mpando. Aphunzitsi anati, "Mwandidzidzimutsa," akung'amba tsamba m'kabuku. Malume ankatsatira pambuyo akukankha njinga, akuuza aliyense chapansipansi kuti uthenga unadutsa mwa iwo, ndipo kunena zoona sakunama.

Atafika kumapeto sanabwerere. Anakhota, anadutsa misewu iwiri ija, ife tonse tili pambuyo patali ngati sitikutsatira. Azakhali anali pakati pa nyimbo yachinayi. Ababa anaima pakhomo, anadikira kuti ithe, ndipo inatenga nthawi. Kenako anagogoda.

Azakhali anatsegula atavala chipewa cha nthenga. Anayang'anana. Ababa anatulutsa kalata yako m'thumba la suti n'kuti, "Achemwali, mwana akukwatiwa. Ndati mumve kwa ine."

Azakhali anati, "Ndinamva kale."

Ababa anati, "Nanenso ndinamva kale. Koma kumva kwina n'kwina."

Azakhali anayang'ana mwendo waufupi uja, anapukusa mutu, n'kuti, "Lowa, uvule thalauzalo ndilitsitse. Sungakaime kutsogolo kwa anthu chonchi."

Agwirizana nyimbo ziwiri. Ababa ankafuna imodzi, azakhali zisanu ndi ziwiri, ndipo akuti zokambirana zidakalipo. Bokosi la zida andipatsa ine kuti ndilitsekere mu saluni, kiyi ndisunge mpaka pa 28.

Dzulo madzulo ndinawapeza pakhomo ndi kachitini ka penti. Ndinaganiza kuti akukonza 5 wako uja. Ayi, amangomudutsitsanso penti momwe alili, choyang'ana kumbuyo, akuti wa positi asadzasokere.

Fulumira, ndipo chipewa cha malume usaiwale, angatijambulire mapu ena.

Mkulu wako